Kasitima ka bambo January

Pa shelefu ya pabalaza kwa bambo January ku Lirangwe pankakhala kamutu ka sitima kamkuwa, kotalika ngati mkono wa khanda. Anakapanga okha atapuma ntchito yokonza mainjini a sitima. Ankatola timipope takale ndi mahinjesi a zitseko, n'kumasula, kupala, kulumikiza ndi mtovu, mpaka kanatuluka ndi chumuni, timawilo toyenda ndi kabelu kochepa ngati njere ya chimanga. Kanangotsala penti basi. Koma sitiroko inawapeza asanagule n'komwe burashi. Dzanja lamanja linayamba kunjenjemera, ndipo munthu amene kale ankaseketsa mudzi wonse anangoti zii, ngati wailesi yotha mabatire.

Mwana wawo Nellie anali ndi saluni ku Chileka, ndipo pa nkhani yopaka zikhadabo dzanja lake linali lodziwika. Akapita kukawaona, mtima unkamuwawa poona bambo ake akungoyang'ana kasitimako kakuda ndi dzimbiri lobiriwira. Tsiku lina ananong'oneza mayi ake kuti asaulule, anakakulunga m'chitenje n'kukwera nako minibasi.

"Bwanji osawafunsa kaye eni ake?" anatero mwamuna wake Davie atakaona.

"Ndikawafunsa ndiye ikhalanso mphatso? Komanso ine penti ndimadyera pomwepo. Chikhadabo n'chaching'ono kuposa apa."

Nellie anagula penti wa zitseko, wobiriwira ndi wakuda, nakapukuta kamodzi ndi nsanza, n'kupaka mokhuthala kuti kawale. Kanawaladi. Koma sabata isanathe penti anayamba kutukusira, kenako kusupuka ngati khungu la njoka. Timawilo tinamatirira, osazunguliranso. Nellie anachita mantha, anatenga mpeni kuti apale zonse. Mpeniwo unatsetsereka, unalemba mzere wakuya m'mbali, ndipo chumuni inangoti thyo, n'kugwera pansi.

Anakhala pansi pomwepo manja ali kumutu. Iyi inali ntchito yomaliza ya manja a bambo ake, ndipo manjawo sakanathanso kugwira chowotcherera mtovu. Anaganiza zonama kuti kabedwa m'minibasi, koma anaona kuti sangawanamize. Loweruka anapita ku Lirangwe, anagwada pakhonde n'kumasula chitenje chija pamaso pawo.

"Ababa, ndalakwa. Ndimafuna ndikusangalatseni."

Bambo January anakatembenuza ndi dzanja lamanzere kwa nthawi yaitali. Nellie ankadikira ukali, kapena misozi. M'malo mwake mapewa awo anayamba kugwedezeka, ndipo anatulutsa phwete limene pakhomopo anali ataliiwala. Mayi ake anachita kutuluka m'khitchini kudzasuzumira.

"Mwana wanga, wapaka ngati ukuzira nyumba!" anatero bambo January, mawu akukoka pang'ono. "Mkuwatu ndi wonyada. Sulola chovala usanasambe."

"Nanga chumuniyi?"

"Maso ndili nawo, manja uli nawo ndiwe. Katenge bokosi langa la zipangizo kuseri kwa chitseko."

Kuyambira pamenepo Loweruka lililonse Nellie saluni ankaisiyira mnzake. Bambo ankalankhula, iye ankachita. Anasungunula penti yense ndi thina. Anaphunzira kugwira chowotcherera, ndipo chala chitapsa bambo ake anachiuzira mpweya monga ankachitira iye ali kamwana. Chumuni itaimanso, anakwecha mkuwa ndi sandipepa wosalala, anauviika mu viniga, anautsuka ndi sopo n'kuuyanika padzuwa.

"Tsopano usaugwirenso ndi dzanja," anamuchenjeza. "Mafuta a chala chimodzi amakanitsa penti."

Anakuta timawilo ndi tepi, anapaka penti woyamba wotuwa, wopyapyala kwambiri moti mkuwa unkaonekera mkati. Nellie ankafuna kubwereza pompo, koma bambo ankamugwira mkono. Podikira kuti aume, ankamusimbira za mainjini amene anawadzutsa atafera m'tchire, nkhani zimene iye sanazimvepo chibadwire. Tsiku lina anamuuza motsitsa mawu kuti chichokere kuchipatala aliyense ankawafunsa za mankhwala ndi za dzanja, koma palibe amene anawafunsapo kanthu kamene iwo amadziwa.

Mvula yoyamba isanagwe, kasitima kanatha: kobiriwira, timizere tofiira tojambulidwa ndi kaburashi ka zikhadabo. Mzere wa mpeni uja sunabisike wonse, ndipo chumuni inapendekera pang'ono. Bambo January anakakankha patebulo, kanayenda myaa mpaka m'manja mwa Nellie.

Madzulo akutsika minibasi ku Chileka, Davie anamulandira chikwama n'kumuyang'ana chala chokhala ndi chipsera chija.

"Mphatso yafika?"

"Yafika, koma yadzera njira yaitali," anayankha Nellie. "Yaifupi inali kungotsegula pakamwa."

Davie sanamuseke. Onse awiri anadziwa kuti akuluakulu sananame: safunsa anadya phula.