Wotchi Yokwecha ndi Mchenga

Zuze, woyendayenda wina amene chuma chake chonse chinkakwana pamkono, anakwera lole ya matola. Ali pakati pa tchire, dalaivala Chikhosi anaimika galimoto.

"Bweretsa wotchiyo, apo ayi utsike pompano!"

Inali wotchi yodula ya malemu bambo ake a Zuze, yachitsulo chosanyezimira, cha timizere tosalala ta kufakitale.

"Tengani, achimwene," anatero Zuze. "Koma timizereti ndi mchenga. Ndinkachotsa dzimbiri ngati potsuka poto."

Chikhosi anamuponyera wotchiyo. "Khala nawo umphawi wakowo!"

Atafika ku Balaka, mwini lole anawachingamira atavala wotchi yofanana ndendende. Chikhosi anaseka chikhakhali.

"Bwana, nanunso mumakwecha ndi mchenga?"

Zuze sanadikire yankho, analiyatsa liwiro. Nkhope ya bwanayo inali itayankha kale kuti wotchi yotere ndi yodula.