Minsi Iwiri Mumtondo Umodzi

Kalekale, ana inu, ndi inunso akuluakulu mukunamizira kusinzako, nyama zinkakonola chimanga ngati ife tomwe.

M'mudzi wina munali Mayi Nguluwe, mzimayi wadzitho komanso wadyera. Anali ndi kamasewera kake koipa. Akaona mnzake ali ndi dengu la chimanga, ankamuitanira mpikisano: mitondo iwiri, aliyense wake, ndipo mtondo woyamba kukhala chete, mwiniwake asiye dengu. Wokana ankamugumulira nkhokwe. Madengu a eni anadzaza khonde lake.

Tsiku lina anamupeza Gologolo, kamtsikana kongokwatiwa kumene, kamene munsi kankangouonera patali.

"Iwe, mwezi ukaoneka tikakumane pamtondo," anatero Nguluwe akunyambita milomo.

Gologolo anali ndi dengu limodzi lokha loti limufikitse ku masika. Anayesa yekha kuseri kwa nyumba. Kunyamula munsi, munsi n'kumunyamula iye. Khu! pansi. Anakhala pomwepo n'kuyamba kulira, ndipo analira mochokera pansi pa mtima.

"Bwanji kodi, asisi?" anafunsa wina ali chapatali.

Anali Kanyimbi. Inu mukumudziwa Kanyimbi, fungo limayamba kufika mwiniwake akadali kutsidya. Kukonola ankakudziwa bwino, koma ankakonola yekhayekha kuthengo, nyimbo yake yopanda woiyankha.

Gologolo anafotokoza zonse, dzanja lili pamphuno. Kenaka anachita manyazi, n'kulichotsa dzanjalo.

"Tipalane chinjira," anatero Gologolo. "Inu mundiphunzitse, ine ndizikuyankhani nyimbo."

Anapatsana mikanda, ubwenzi n'kumangika. Kuyambira pamenepo ankaitanana kuti anjira.

M'mawa uliwonse ankakumana pachitsa chobooka n'kumakonola mchenga. Poyamba zinali zoseketsa. Onse kukweza pamodzi, onse kutsitsa pamodzi, minsi gwa! m'mwamba, eniake gada! uku ndi uku. Ankaseka mpaka nthiti kuwawa.

"Anjira, musamayang'ane munsi, muzimvera nyimbo," ankatero Kanyimbi. "Ndikati 'ndakwera', inu muziti 'ndatsika'."

Tsiku limene Gologolo wadzuka ndi ulesi, Kanyimbi ankangoima pakhomo pake kumene kukuchokera mphepo, ndipo Gologolo ankatuluka msangamsanga. Matuza anaphulika, manja analimba. Kanyimbi naye ananenepa, poti tsopano anali ndi wocheza naye.

Mwezi unaoneka. M'mawa mwake mudzi wonse unasonkhana, Nguluwe n'kuyambapo: gu! gu! gu! Nthaka kunjenjemera. Uku nako, Gologolo ndi Kanyimbi pamtondo umodzi: "Ndakwera!" "Ndatsika!" Thi! thi! thi! thi! Wina akamenya, mnzake akupuma.

"Aaa, chinyengo ichi!" anakuwa Nguluwe, munsi osausiya. "Muli awiri!"

"Pepani mayi," anayankha Gologolo mwaulemu wonse, "munati mtondo ukakhala chete. Za manja simunanene. Itanani anjira anu nanunso."

Nguluwe anayang'ana uku, anayang'ana uko. Amayi onse amene anawalanda madengu anayamba kuona mitambo, wina kumakonza duku loti linali bwinobwino.

Dzuwa linakwera. Thukuta kamukamu, mpweya wefuwefu, gu! wa Nguluwe anayamba kutalikirana. Gologolo anaona kuti nawonso mikono yayamba kulemera, ndiye anaponya mawu.

"Komatu mayi, chinsinsi ndi minsi iwiri basi. Inu ndi mphamvu zanuzo, mnzanu ngwachiyani? Si manja muli nawo awiri?"

"Ndipatseni wina!" anakalipa Nguluwe.

Anamupatsa, mothamanga ndithu. Anagwira uwu, anagwira uwu, n'kudziimbira yekha: "Ndakwera!" Kudikira yankho, zii. Posokonezeka anatsitsa yonse pamodzi, mutu ataweramitsira mumtondo. Minsi inagundana gwa! umodzi n'kunjanja, pamphuno phwa!

Mtondo wa Nguluwe unati chete. Kumbali kunkangomveka thi! thi! thi! thi!

Nthungululu zinabuka. Amayi anathamangira kukhonde, aliyense kusenza dengu lake, ndipo Gologolo anakumbatira Kanyimbi osagwira mphuno n'komwe. Chimanga chake chinamufikitsa ku masika, akudya ndi anjira ake. Nguluwe anathawira kuthengo, ndipo mpaka lero mphuno yake ndi yaphwatalala.

Nthano yanga yagona pamenepo, kaphuleni mbatata isanapserere. Koma inu amene mumakonda kunena kuti "ine ndimatha ndekha", tagwirani mphuno zanuzo, timve ngati zikadali bwino.