Dzina Lofufutidwa la Consolata

M'kachipinda ka kuseri kwa sitolo ya mbewu pa boma la Chadiza, Dominic ankakonza mafoni. Ntchito ikachepa, ankalemba pulogalamu ya pafoni yothandiza alimi kuzindikira matenda a mtedza ndi thonje. Anaitcha Mlimi Tcheru, ndipo anaiika poyera pa intaneti monga amachitira olemba mapulogalamu aulere: aliyense akhoza kuona mmene inalembedwera, kuikonza, ngakhale kuikopera n'kupitiriza yakeyake. Mutu anali nawo Dominic, pamenepo tisamunamizire. Chimene analibe ndi mtima wopirira kumva mnzake akutamandidwa.

Othandiza anabwera okha, popanda wowalipira. Trywell, mphunzitsi wa ku Mlolo, ankasaka zolakwika n'kuzikonza. Consolata wa ku Zemba kulemba pulogalamu sankakudziwa n'komwe, koma ndiye anamasulira mawu onse m'Chichewa chomveka kumudzi, ndiye ankapalasa njinga m'minda kujambula masamba odwala, ndiyenso ankaphunzitsa amayi a m'miphakati podina. M'pulogalamumo munali tsamba la mayina a othandiza onse, ndipo alimi ankakonda kulitsegula kuti aone dzina la mwana wa kwawo.

Lamlungu lina Dominic anakapemphera ku Zemba. Pa nthawi ya zolengeza, mkulu wa mpingo anaimirira nati, "Abale, thonje lathu lapulumuka chaka chino chifukwa cha pulogalamu ya a Consolata." Nthungululu zinamveka mpaka kumsewu. Dominic anali pa benchi lachitatu, atavala jekete lake latsopano, koma panalibe womutchula. Nsanje inamugwira, moti anachoka osatsanzika.

Lolemba m'mawa anatsegula tsamba lija n'kufufuta dzina la Consolata pamodzi ndi mayina a ena onse osalemba pulogalamu. Pamwamba analembapo lamulo: pano palembedwa olemba pulogalamu okha. Nsanje imachititsa khungu ndithu, chifukwa Dominic yemweyo ankadziwa kuti m'ntchito zoterezi chilichonse chimene wasintha chimaonekera kwa onse, dzina lako ndi ola lomwe. Pofika masana gulu lonse la othandiza linali litaona.

Lachitatu Trywell anatsamiritsa njinga pakhomo pa kachipindako.

"A Dominic, dzina la alongo athu lapita kuti?"

"Kujambula masamba nayonso ndi ntchito?" anayankha Dominic, maso ali pa foni imene ankamasula. "Ngakhale mbuzi imalidziwa tsamba lodwala."

"Nanga Chichewa chonse chija munamasulira ndinu?"

"Pulogalamu ndi yanga, aphunzitsi. Amene zamuwawa akayambe yake."

"Mwanena nokha," anatero Trywell, n'kukwera njinga.

Consolata zinamupweteka, ndipo sanabise. Miyezi khumi ndi inayi ya dzuwa ndi matope inali itafufutidwa ndi chala chimodzi. Analemba uthenga waufupi pa gulu lawo la pafoni: "Zikomo achimwene, malo anga ndawaona." Sanatumizenso chithunzi ngakhale chimodzi.

Trywell anachita zimene mwambo wa mapulogalamu aulere umalola. Anakopera pulogalamu yonse, naipatsa dzina lina, Munda Wathu, ndipo othandiza anasamukira komweko mmodzimmodzi, kuphatikizapo Consolata. Mvula itagwa, kunabuka mbozi zachilendo pa thonje. Pasanathe sabata, Munda Wathu inali ndi zithunzi zake ndi malangizo omveka, pamene Mlimi Tcheru inali duu. Dominic anayesa kumasulira yekha, koma chinatuluka Chichewa cha mu ofesi, theka Chingerezi, chimene alimi ankawerengerana pamsika kuti aseke. Atapita kukajambula yekha m'munda, anabwerako ndi zithunzi za masamba odyedwa ndi ziwala, osati mbozi zija.

Chomupweteka kwambiri chinali chakuti anthu ankabwera ndi mafoni awo pa kachipinda kake komwe. "Achimwene, tichotsereni yakaleyi, mutiikire ya a Consolata." Ndipo ankawaikira ndi manja ake, mano ali gwa.

Tsiku lina, ataikira mayi wina pulogalamu yatsopanoyo, anatsegula tsamba la mayina la Munda Wathu. Ankafuna kuona mmene amufufutira, kuti naye apeze chodandaula. Mayina anali makumi awiri ndi atatu, ojambula, omasulira, mpaka agogo ena amene anangobwereketsa munda. Pamwamba pa onsewo panalembedwa kuti: Dominic, amene anayamba ntchitoyi, tikumuthokoza.

Kenaka anatsegula tsamba la pulogalamu yake. Olemba anzake anali atachotsa mayina awo pochoka, moti panatsala dzina limodzi lokha, lake, lopanda mnzake, ndipo panalibenso mlimi woti aliwerenge.

Akuluakulu sananame: kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu.