Nkhuni za Dziwe la a Chikakwiya

Lembatu bwino, mwanawe, usasiyeko liwu.

Padangotero, bwana Chikakwiya anakumbitsa dziwe losambiramo kuseri kwa nyumba yawo, n'kuikapo ching'anjo chotenthetsera madziwo. Chimenecho chinkadya nkhuni ngati uvuni wa njerwa. Chisanu chitafika, anaitanitsa amayi onse olima pa esiteti yawo.

"Loweruka kukubwera alendo. Aliyense abweretse mtolo wa nkhuni. Wokana ndimulanda munda."

Nasimango, mmodzi wa amayiwo, yemwe ngakhale nkhuni zophikira ankakazitola kuphiri, anagwada. "Tamva, bwana."

Loweruka m'mawa anandandika anzakewo pamzere, mitolo pamutu, n'kuyambitsa nyimbo yakwaya yoimba mokoka. Pofika pageti anagwetsa nthambi zaziwisi pamsewu, uku ndi uko.

Kwathu kuno nkhuni zikamalowera khomo limodzi, masamba ali pamsewu, munthu safunsa. Apanjinga anatsika, abambo anavula zipewa, mudzi wonse unakhamukira pabwalopo kudzakhuza maliro. Alendo aja analowa akupukuta misozi, n'kumapepesa akazi a bwana.

Kenaka malemuwo anatulukira kuseri atavala kakabudula, madzi ali chuchuchu, nthunzi ikufuka thupi lonse. Anthu anabalalika, ena kusiya nsapato pomwepo.

"Nasimango! Wandipha ndili moyo?"

"Ife, bwana? Mtolo umapepuka ndi nyimbo. Masambawo angoyoyoka okha, nkhuni zouma zinatha kale. Nanga Loweruka likudzali tibwerenso nthawi yanji?"

"Ndisadzaonenso nkhuni za munthu pakhomo panga!"

Mpaka lero dziwelo ndi la achule, ndipo achulewo sanadandaulepo kuti madzi akuzizira.