Nkhululu Zitatu M'ngalande ya Mfuko

Kalekale, nyama zikadayankhula, mvula idakana kugwa. Thamanda la Chule lidayamba kuphwa, ndipo m'menemo munali ana ake, timbululu topanda ndi miyendo yomwe yothawira.

Chule adapita akulira kwa mnzake Mfuko. Mfuko maso ake sankaona bwino, koma pa zokumba panalibe womuposa.

"Pukutani misozi, achemwali," adatero Mfuko. "Ndikumba ngalande pansi pa nthaka, kuchokera kukasupe mpaka kwa anawo."

Adakumba, adakumba, adakumba. Kukasupe madzi adalowa bwinobwino, koma kuthamanda sikudatuluke ngakhale dontho. Ngalandeyo inali yaitali, yamdima, yokhotakhota. Kuti aifukule yonse, ana akadatha iye asanafike pakati.

Tsono Mfuko adaitana nkhululu zitatu n'kuzilowetsa m'ngalandemo. Ina adaiika pamuzu wa mkuyu, ina pamwala, ina pansi pa chulu. Iye adazika bango kukasupe n'kutsamiritsa khutu.

"Muzindiuza," adatero.

Mawu adabwera m'bango muja. "Ndili pano." Kenaka, "Ndili pano." Kenakanso, "Ndili pano."

Inu, mawu a nkhululu ndi amodzimodzi. Pano pake pati? Wanena ndani? Tsiku lidapita pachabe, thamanda n'kutsala ngati lichero.

M'mawa mwake Mfuko adati, "Ana anga, dzulo munaumira mawu. Lero nenani zonse zimene mukuona."

Apo ndiye adaziputa dala. "Nyerere yadutsa." "Mwendo ukundiyabwa." "Nyerere ija yabwerera, yasenza kaudzu." Zonse zitatu pakamodzi, tsiku lonse, osapumira. Mwina ina idatchulako za madzi, koma ndani akadamva m'chiphokoso chotero? Pomwe dzuwa linkapendeka thamanda linali ngati mbale, ndipo tiana tam'mphepete tinali titauma m'matope.

Mfuko mtima udamuwawa kwambiri. "Ndakutayitsani ana, achemwali."

"Lawatenga ndi dzuwa, si inu," adayankha Chule. "Otsalawa akupumabe. Pitani mukamverenso."

Tsiku lachitatu Mfuko sadakalipire nkhululu zija. Adadziwa kuti cholakwika chinali kafunsidwe kake. Adati, "Aliyense atchule malo ake, anene pamene madzi amufika, kenaka akhale chete mnzake anene. Ayambe wakufupi ndi kasupe."

"Ine wa pamkuyu. Madzi andifika m'chiuno."

"Ine wa pamwala. Madzi andifika m'chiuno."

Patapita kanthawi kudamveka timawu tamanyazi. "Ine wa pachulu. Amayi, ine ndilibe chonena. Kuno n'kouma kuyambira dzana."

"Mwana wanga, nanga bwanji sunanene?"

"Ndimayesa mukufuna kumva za madzi. Nanga kuno kulibe."

"Wanena chachikulu kuposa onse," adatero Mfuko.

Sadafukule ngalande yonse, ayi. Adangokumba pakati pa mwala ndi chulu. Pamenepo adapeza chiswe chitaboola khoma, madzi onse akuthawira m'chulu. Adamata bowolo ndi dongo, adamatanso, n'kuthamangira kubango kwake. Kuthamanda kunali kutali, ndipo maso akewo sakadamuuza kanthu.

"Ine wa pachulu. Madzi andifika m'chiuno."

Mfuko adadikira. Adadikira. Kenaka m'bango mudamveka mawu ena, okhuthala, onjenjemera, amene iye sadawatume.

"Ine wa pathamanda, achemwali. Madzi afika. Ana asanu akusambira."

Mfuko adalira, khutu likadali pabango.

Tsono inu amene mumalemba mapulogalamu a pakompyuta, mvetsani. Mukamaika timauthenga tokuuzani zimene zikuchitika m'kati momwe maso saona, musalembe "ndili pano", komanso musalembe zonse. Uthenga unene malo ake ndi chimene wapeza, ndipo ukapeza palibe kanthu, unenenso zimenezo.

Nthano yanga yafika pathamanda, yathera pomwepo. Kaphuleni mbatata zija zisanapserere.