Atatu Amene Anaweruza Pulani ya Ulemu

Kalekale ndithu, nyumba zosanja zisanachuluke, mumzinda wina munali bungwe lopereka ziphaso kwa akatswiri ojambula mapulani a nyumba. Wopanda chiphaso sankaloledwa kusaina pulani, kaya akhale waluso chotani.

Mtsikana wina, Ulemu Chimphepo, anajambula pulani ya sukulu yosanja ngati mayeso ake omaliza. Oweruza atatu atakhala pansi, awiri anamukana, mmodzi anamuvomera. Ulemu anadandaula, ndipo nkhaniyo inagwera m'manja mwa Mayi Nangozo, amene ntchito yawo inali kuona ngati bungwelo likuchita chilungamo. Mayiwa anali ataona zambiri, moti munthu akawamwetulira kwambiri ankayamba kumukayikira.

Anayamba ndi a Kachingwe, mmodzi wa okanawo.

"Zipilala zake n'zowonda, mayi," anatero bambowo. "Ana mazana awiri akhale pamwamba pa timiyendo ta udzudzu?"

Mayi Nangozo ankamva, koma maso anali pakhoma, pa chithunzi cha antchito a kampani ya a Kachingwe. Pakati pawo panali Ulemu. Atafunsafunsa anamva kuti mtsikanayo anagwira ntchito kumeneko zaka zinayi, anachoka atayambana ndi bwana wakeyo, ndipo makasitomala awiri anali atalonjeza kumutsatira akangopeza chiphaso.

Kenako anapita kwa Mayi Nasibeko, amene anavomera. Awa anawalandira ndi tiyi ndi chiseko.

"Pulani ija ilibe banga. Mwana wathuyu ali ndi mutu."

"Wanu?"

Kapu ya Mayi Nasibeko inaima m'malere. Zinadziwika kuti amuna awo a Nasibeko anali malume ake a Ulemu, ndipo bungwe silinauzidwe.

"Lamulo likuti wachibale atuluke m'chipinda," anatero Mayi Nangozo.

"Ndikanatuluka akanamudya wamoyo. A Kachingwe ndimawadziwa ine."

Wotsiriza anali wapampando, a Phwitiko, amene mawu awo ndiwo anadula mlandu. Analibe naye chibale Ulemu, analibenso naye chidani. Koma mu ofesi mwawo Mayi Nangozo anapeza pulaniyo ili chikulungire pamwamba pa kabati, chingwe chake chosamasula, fumbi lili mbuu.

"Simunaitsegule n'komwe, bambo?"

Mkuluyo anayankha kuti: "Wina akuti igwa, wina akuti siigwa. Ine ndinanyamulapo bokosi la mwana amene khoma la kalasi linamugwera. Kukana sikupha munthu."

Posakhulupiriranso aliyense, Mayi Nangozo anaphimba dzina la Ulemu n'kupita nayo pulaniyo kwa injiniya wa mzinda wina. Iyeyo anaiyeza masiku awiri.

"Omanga akatsatira muyezo wa simenti ndi zitsulo, iima zaka zana," anatero. "Akangozembetsa thumba limodzi pa matumba khumi, mwana wanga sangalowemo."

"Ndiye ndi yabwino kapena yoipa?"

"Malamulo sakuikana. Koma ine sindikanaijambula choncho."

Mayiwo anabwerera mutu uli gwa. Anali ndi mphamvu yolamula kuti Ulemu ayesedwenso, ndipo anatero. Koma pa oweruzawo akanatha kuchotsa mmodzi yekha, pakuti akachotsa awiri bungwe silikanakhalanso pansi chaka chimenecho, pomwe achinyamata ena makumi anayi ankadikira mayeso awo. Awiri otsalawo ndiwo akanadzaweruzanso Ulemu pamodzi ndi munthu watsopano.

Anatenga kalata yochotsera munthu paudindo, nalemba zonse, n'kusiya malo a dzina okha. Cholembera chinayendayenda pamwamba pa pepalalo osatera.

Tsono inu amene mwamva nkhaniyi, athandizeni mayiwa. Alembe dzina la yani: a Kachingwe, amene anaona chofooka chenicheni koma ndi diso la mpikisano, Mayi Nasibeko, amene malamulo sakutsutsa chigamulo chawo koma anabisa chibale, kapena a Phwitiko, a manja oyera, amene anatsekera munthu khomo osayang'ana ntchito yake?