Katungwe wa Esinta M'kompyuta

Kalekale, koma osati kale la makolo athu, kale la dzana lomweli, ku Chilinde kunali mwamuna wina dzina lake Malizani. Mkazi wake Esinta pomwalira anamusiyira zinthu ziwiri: mwana wamkazi, Zione, ndi kompyuta yaikulu yoseweretsa magemu, ya galasi mbali imodzi, imene ikayaka fani yake inkazungulira ikuwala mobiriwira.

Esinta ankakonda gemu yomanga nyumba. Matenda atamufooketsa, ankakhala pampando, Zione ali pamiyendo, akumanga. Anamanga nyumba ya khonde lalikulu, chitsime ndi khola la nkhunda. Chomaliza chimene manja ake anapanga chinali mtengo wa maluwa ofiira pakhomo, ndipo pa nthambi yake anapachikapo katungwe. Maliro atatha, Zione akawasowa mayi ake ankangoti, "Adadi, tiyeni kwa amayi." Malizani ankamukhazika pampando uja, mwana n'kukakwera katungwe.

Ndiye kompyuta inayamba kudwala. Inkauma gemu ili m'kati, sikirini n'kusanduka yabuluu. Inkazima yokha n'kuyakanso yokha. M'mawa wina Malizani anadina batani, fani inangogwedezeka pang'ono n'kuima, ndipo m'nyumba munamveka fungo la waya wopsa.

Pakhomopo panali anthu atatu: apongozi ake aNachisale, amene anabwera kudzalera mdzukulu, mng'ono wake Sautso, amene ankagona m'kachipinda ka kuseri, ndi mlamu wake Chabwera, mchimwene wa Esinta, wometa anthu mphepete mwa msewu. Malizani anawaitana onse. Maso ali psuu, ananyambita chala naloza kumwamba.

"Amene wapha kompyutayi wandiphera Esinta kachiwiri. Ndikamudziwa, pakhomo pano asadzapondenso. Ndipo tsiku la maliro ake, ine dothi sindidzaponya."

Mukudziwa nonse kulemera kwa mawu otere.

Malizani ananyamula kompyuta ija kupita nayo pakhonde pamene pali kuwala, namasula galasi lija. Choyamba kuona chinali fani itamangika ndi fumbi pamodzi ndi tiulusi tachikasu. Ulusiwo anauzindikira: unali wa chitenje cha Esinta. ANachisale anagwada chapatali, nkhope atalozetsa kumbali monga amachitira apongozi, nafotokoza kuti fumbi la chilimwe linkawawawa mtima likamatera pa chinthu cha mwana wawo, choncho tsiku lililonse ankaifunditsa chitenjecho mpaka pansi. Iwo sankadziwa kuti kompyuta imapuma, ndipo ikatsekedwa mphuno imapsa ndi kutentha kwake komwe. Anadzuka nakazula nthenga ya nkhuku yawo yomwe. Ndi manja awo ozolowera kusankha mpunga anachotsa ulusi umodziumodzi, mpaka fani inazungulira mopepuka pongoiuzira. Malizani anadina batani. Zii.

Apo Chabwera anawerama nanunkhiza kabokosi kogawa magetsi m'kati mwa kompyuta. Anati kapsa, ndipo mwa chizolowezi cha chilamu anayamba kuseka. "Alamu, inunso chinthu chodula chonchi mungachilumikize kukhoma chilibe choteteza? Magetsi akabwera ndi ukali mumati chitani?" Malizani anamuyang'ana nati choteteza chinalipo, anagula yekha. Kuseka kwa Chabwera kunauma pakamwa. Anakumbukira tsiku lometa maliro, pamene abale onse a Esinta anakhala pamzere kuti awamete. Soketi ya pakhonde inkathetheka moto, ndiye iye anazula choteteza chija n'kulumikizapo makina ake ometera, kompyuta n'kuibaya kukhoma. Chotetezacho chinapita m'chikwama chake, ndipo mpaka tsikulo chinali ku shopu. Anathamanga ulendo wosacheuka. Pobwera ananyamula choteteza chija, komanso kabokosi kogawa magetsi kamene anakazula m'kompyuta yake, imene inkaimba nyimbo zokopa makasitomala. Shopu yake inatsala yopanda phokoso. Atalumikiza, fani inazungulira, kuwala kobiriwira kunabwerera. Koma kompyuta inangolira kuti tii, tii, sikirini ili bii.

Apo Sautso anasendera pafupi. Anapempha labala ya Zione. Anazula timapulanga tiwiri tija amati ramu, napukuta mano ake ndi labalayo, nayesa kamodzi pakokha, kenako kanzake. Kamodzi kanali katafa. Atasiyamo kamoyo, sikirini inayaka, ndipo onse anaona chithunzi cha gemu ya magalimoto imene Malizani sanaikemo.

"Ichi n'chiyani?" anafunsa Malizani.

"Achimwene, mwanayu chimwalirire mayi ake anali asanaseke. Tsiku limene anagubuduza galimoto mu gemu iyi anaseka mpaka kugwa pampando."

Gemuyo Sautso anaitenga pa flashi ya mnzake wa kumsika, ndipo inabwera ndi matenda ake, aja amati vairasi. Inalinso yolemera, choncho Sautso anakakamiza kompyuta kuthamanga kuposa mphamvu zake, ngati bulu womusenzetsa katundu wa ng'ombe. Tsopano anakhala pansi padzuwa, thukuta lili kamukamu, nachotsa gemuyo, nasesa matenda, nabweza liwiro m'malo mwake. Inazima kawiri, iye osataya mtima. Kachitatu inayaka bwinobwino.

Malizani anamukhazika Zione pampando. Mwana analowa mu gemu ya mayi ake ija. Nyumba inalipo, khonde lake lomwe lija. Chitsime chinalipo. Nkhunda zinkauluka pakhola. Anazungulira kupita pakhomo, napeza bwalo lili mbee. Zimene Esinta anamanga m'masiku ake omaliza zinawonongeka tsiku limene kompyuta inazima mwadzidzidzi, ndipo Sautso anati palibe mmisiri angazibweze.

"Adadi, katungwe wa amayi wapita kuti?"

Malizani anatuluka panja kuti mwana asaone nkhope yake. Mkwiyo umene unayamba kuzirala unabwerera wonse, ndipo anafuna munthu mmodzi woti ausenze. Anawaimika atatu aja pabwalo nawakumbutsa kuti chala chija ananyambita, sanachite masewera.

Chabwera anati magetsi akanapeza kompyuta yozizira bwenzi itapirira, mlandu ndi wa chitenje. Sautso anati gemu yake inkangoumitsa sikirini, chimene chinatentha kabokosi ndi magetsi opanda choteteza. ANachisale anati chitenje anakhala akufunditsa kuyambira nthawi ya maliro popanda vuto, inayamba kuzima mnyamatayu ataikamo magalimoto ake. Kenako, akuyang'anabe kumbali, anawonjeza motsitsa mawu:

"Bambo a Zione, ine ndinkafunditsa chinthu choyaka chifukwa sichinkazimitsidwa. Amene ankakana kuti nyumba ya mkazi wake izime ngakhale tsiku limodzi, sindine."

Malizani anakukuta mano. Zinali zoona, ndipo chifukwa zinali zoona zinamukwiyitsa koposa. Anayang'ana apongozi, mayi amene anabereka Esinta, amene amamusambitsa Zione m'mawa uliwonse. Anayang'ana mlamu wake, amene shopu yake inali zii chifukwa cha iye. Anayang'ana mng'ono wake, yekhayo amene anabweza kuseka kwa mwana. Popanda nthenga, popanda kabokosi, popanda labala, nyumba yonse ya Esinta bwenzi itapita. Koma popanda chitenje, popanda makina ometa, popanda flashi, katungwe bwenzi alipo.

M'nyumba Zione anali akuzungulirabe pabwalo lopanda mtengo, akufunafuna.

Tsono inu amene mwamva nkhaniyi, lumbiro lili m'mwamba ndipo silingabwerere lopanda mwini. Ndani atuluke pakhomo pa Malizani, ndipo ndi manda a ndani amene iye asadzaponyepo dothi: a apongozi, a mlamu, a mng'ono wake? Kapena chala chimene analoza kumwamba chija chikuyenera kutembenukira kwa mwini wake?